NJOVU YA KU MFUWE: KANKHANI KOSEKETSA KAMENE KANAFIKA KUKHOTI

Acinyamata anzanga, ambiri a ife tinakulira pa nthano za Kalulu, Fisi ndi Njovu. Madzulo agogo akati, "Panangokhala," ife tinkayankha kuti, "Tiri tonse." Tinkaseka Fisi cifukwa ca umbombo wake, ndi Njovu cifukwa copusitsidwa ndi kanyama kakang'ono. Koma kodi munadzifunsapo kuti Njovuyo anali ndani? Akulu ankadziwa. Nthawi zina anali mfumu yadyera, nthawi zina nduna yonyada. Munthu akabvala cikopa ca nyama m'nthano, mudzi wonse unkatha kumuseka popanda wina woimbidwa mlandu.

Makolo athu analinso ndi njira ina, imene iripo mpaka lero: cimbuya. Angoni ndi Abemba anamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800, koma nkhondo zitatha anayamba kunyozana mwanthabwala. Mbemba amaseka wa kum'mawa kuti amadya mbewa, wa kum'mawa nabwezera kuti Mbemba amadya anyani. Ngakhale pamaliro amapakana ufa, ndipo palibe wokwiya. Alozi ndi Atonga nawonso ali ndi cimbuya cao. Apa tiona kuti nthabwala imafuna anthu ogwirizana, odziwa kumene kuseka kumayambira ndi kumene kumathera.

Zitabwera nyuzipepala, nthabwala zinalowanso m'mapepala. Kuyambira mu 1973 dziko lathu linali pansi pa cipani cimodzi ca UNIP, ndipo kudzudzula boma poyera kunali kobvuta. Komabe owerenga Times of Zambia ankadikira tinkhani tifupitifupi ta Kapelwa Musonda, m'mene munali munthu wongopeka wochedwa Comrade Bonzo. Anthu ankaseka Bonzo, uku akudziwa bwino lomwe kuti akuseka makhalidwe amene ankawaona tsiku ndi tsiku m'maofesi ndi m'cipani.

M'caka ca 1991, pamene zipani zambiri zinabwerera, Fred M'membe ndi anzake anayambitsa Weekly Post, imene pambuyo pake inachedwa The Post. M'nyuzipepalayi munasonkhana olemba nthabwala ndi ojambula zithunzi zoseketsa. Mmodzi wa iwo anali Roy Clarke, mzungu wobadwira ku Britain, amene anakwatira mai wa Cizambia, Sara Longwe, womenyera ufulu wa amai. Iye ankalemba ndi dzina lakuti Kalaki, monga momwe lilime lathu limachulira dzina la Clarke.

Pa 1 Januwale 2004 The Post inasindikiza kankhani kake ka mutu wakuti "Mfuwe". Inu a kum'mawa mukudziwa Mfuwe, khomo lolowera kunkhalango ya nyama ya South Luangwa, kumene atsogoleri a dziko akhala akupita kukapumula. M'kankhaniko munali njovu yopusa yolamulira nyama zinzake, pamodzi ndi anyani ndi nyama zina zoithandiza. Kalembedwe kake kanakumbutsa ambiri za buku la George Orwell lochedwa Animal Farm, la mu 1945. Koma wa ku Chipata kapena ku Katete sakanafunikira buku la ku Ulaya kuti amve tanthauzo lake. Aliyense anaona kuti njovuyo ndi Pulezidenti Levy Mwanawasa, ndipo nyama zinazo ndi nduna zake.

Otsatira cipani ca MMD anakwiya kwambiri, nacita cionetsero mu Lusaka. Pa 5 Januwale nduna ya za m'dziko, Ronnie Shikapwasha, inalamula kuti Clarke acoke m'Zambia pasanathe maola 24. Taganizani: munthu amene anakhala kuno zaka pafupifupi 40, wokhala ndi mkazi ndi ana kuno, athamangitsidwe cifukwa ca kankhani kosadzaza ngakhale tsamba limodzi! Popeza sanali nzika, boma linaona kuti njira yapafupi ndiyo kumkweza ndege.

Apa ndipo panaonekera kuti mutu umodzi susenza denga. Clarke anabisala kwa masiku angapo. Nyuzipepala yake inaima naye, mabungwe a atolankhani analankhula, ndipo loya wake, Patrick Matibini, amene mu 2011 anadzakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, anathamangira kukhoti kukaimitsa lamulolo. Mu Epulo 2004 woweruza Philip Musonda wa ku High Court anagamula kuti lamulo lothamangitsa Clarke linali losayenera, cifukwa malamulo a dziko amateteza ufulu wolankhula, kuphatikizapo nthabwala zoluma. Boma linacita apilu. Mu Januwale 2008 Supreme Court inamaliza mlanduwo. Oweruza sanayamikire mau onse a m'kankhani kaja, koma anaona kuti kuthamangitsa munthu cifukwa ca iko kunali cilango copitirira muyeso. Kalaki anakhalabe m'Zambia, napitiriza kulemba.

Nanga akanakhala nzika? Nayenso sakanakhala pamtendere. Kuyambira mu 1965 panali lamulo, gawo 69 la malamulo a milandu, lonena kuti wonyoza Pulezidenti angamangidwe mpaka zaka 3. Atolankhani ndi anthu wamba anatengedwa kukhoti cifukwa ca lamuloli pansi pa maboma osiyanasiyana. Linacotsedwa mu Disembala 2022, Pulezidenti Hakainde Hichilema atasaina kusinthako. The Post siinalione tsikulo, pakuti inatsekedwa mu 2016 pa nkhani ya misonkho.

Tsono mbiri imeneyi itiphunzitsa ciani, ife amene timalemba tinkhani toseketsa ndi kucita masewero m'magulu athu? Coyamba, nthabwala si zacibwana. Kankhani kafupi kangathe kunena coonadi cimene munthu wolankhula maola awiri aopa kucichula. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mtsogoleri wanzeru amamvetsera ngakhale kutsinako kukuwawa.

Caciwiri, tiyang'ane amene tikumuseka. M'nthano za agogo, wosekedwa anali Njovu wamphamvu ndi Fisi wadyera. Sitinamve akuseka mwana wamasiye kapena wopunduka. Kuseka wamphamvu akalakwa kumafuna kulimba mtima. Kuseka wofooka ndi nkhanza cabe, ngakhale khamu lonse liombe m'manja.

Cacitatu, wolemba nthabwala sayenda yekha. Kalaki anapulumuka cifukwa panali mkonzi wosindikiza, owerenga omvetsa, loya wolimba mtima ndi oweruza osaopa. Cimodzi mwa izi cikanasowa, bwenzi atakwera ndege. Gulu lanu likhale lotero. Mnzanu akalemba kanthabwala, muwerengereni pamodzi musanakaonetse kwa anthu. Muuzane mosabisa ngati kakuphunzitsa kapena kakungobvulaza. Ndipo akalowa m'mabvuto cifukwa conena zoona, musamthawe.

Pamsonkhano wanu wotsatira, kambiranani izi: Kodi sewero lomaliza limene gulu lanu linacita linkaseka ndani, Njovu kapena wofooka? Nanga mukanakhala inu woweruza Musonda mu 2004, mukanagamula bwanji?