Nyulu ya pa Hunayn ndi Gawo la Wokwera

Tikamawerenga za nkhondo ya Hunayn, yomwe idachitika m'mwezi wa Shawwal chaka cha 8 cha Hijra (630), ambiri timathamangira chiwerengero cha Asilamu 12,000 ndi mivi ya a Hawazin imene idawabalalitsa m'chigwa. Chimene timachidumpha ndi chiweto chimene Mtumiki (SAW) adakwera tsikulo. Sadakwere kavalo. Adali pa nyulu yoyera.

Nyulu, imene Aarabu amati baghl, ndi mwana wa bulu wamwamuna ndi kavalo wamkazi, ndipo kawirikawiri siibereka. Imapirira ludzu ndi katundu, imaponda mosamala m'miyala, ndipo msana wake sugwedeza wokwera. Koma liwiro la kavalo ilibe, ndipo ikakaikira njira imangoima nji, ngakhale uimenye. N'chifukwa chake alenje othamangitsa agwape ankadalira kavalo, nyulu n'kumasenza mahema ndi nyama yophedwayo.

Mu Sahih Muslim, Al-Abbas (RA) akusimba kuti nyuluyo idali mphatso ya Farwa bin Nufatha al-Judhami. Ophunzira asaisokoneze msanga ndi Duldul, imene idachokera kwa Muqawqis wa ku Iguputo, ngakhale olemba ena a Sira amatchula Duldul pankhondoyi. Anthu atathawa, Mtumiki (SAW) ankaifulumizitsa nyuluyo kulunjika kwa adani, Al-Abbas atagwira chingwe cha pakamwa kuti isathamange, Abu Sufyan bin al-Harith atagwira popondera. Ibn Kathir adaona apa kulimba mtima kosaneneka, pakuti wofuna kudzisungira mpata wothawira sakwera nyulu.

Khalidwe lomweli ndi limene lidalowa mu fiqh. Pogawa chuma cholandidwa kunkhondo, ma ulama ambiri amapatsa wapakavalo magawo atatu, pomwe Imam Abu Hanifa amati awiri. Wokwera nyulu amalandira gawo limodzi ngati woyenda pansi, chifukwa nyulu siithamangira mdani n'kubwerera mwaliwiro monga achitira kavalo. Nyama yake nayo ambiri adaiika ku mbali ya bulu, potsamira hadith ya Jabir (RA) yonena za tsiku la Khaybar.

Pali funso limene limavuta m'kalasi. Surat An-Nahl, ayah 8, imatchula nyulu pakati pa mitendere ya Allah, chikhalirecho Ali (RA) atafunsa zokweretsa abulu pa akavalo, Mtumiki (SAW) sadakondwere nazo. Al-Khattabi adafotokoza kuti nkhawa idali yakuti akavalo angachepe, pomwe ndiwo adali chitetezo cha Asilamu. Ife tikuona kuti kufotokoza uku n'kogwira mtima, chifukwa Mtumiki mwiniwake ankaikwera nyulu.

M'zaka zotsatira nyulu idasanduka chokwera cha anthu aulemu. Al-Jahiz wa ku Basra adailembera buku lapadera, ndipo ku Cairo m'nthawi ya ma Mamluk, akavalo adali a asilikali, pomwe ma qadhi ankapita kubwalo la milandu ali pa nyulu.