Mkazi wogwira lupanga: kuchokera kwa Jirel mpaka kwa Nyamazana

M'mabuku a nthano zojambula, aja timati makomiki, mwamuna wankhondo safunsidwa kumene anaphunzira kumenya. Conan amangotulukira kuchokera kumapiri a kwawo lupanga lili kale m'manja, owerenga n'kukhutira. Koma akakhala mkazi, olemba amaona kuti ayenera kulongosola chimene chinamuchotsa pamudzi n'kumupititsa kunkhondo. N'chifukwa chake pafupifupi ngwazi yaikazi iliyonse ya m'nthano za malupanga ndi matsenga ili ndi buku lofotokoza chiyambi chake. Mayankho a olembawo akhala akusintha kwa zaka pafupifupi 90, ndipo ine ndimakhulupirira kuti yankho labwino linabwera koyambirira penipeni, kenaka linatayika.

Akazi ankhondo anayamba kujambulidwa kalekale. Agiriki ankajambula Aamazoni pa mitsuko yawo zaka zoposa 2,500 zapitazo, ndipo kawirikawiri ankawaonetsa akugonja, monga Penthesilea akulasidwa ndi Achilles. Ofukula zakale apeza manda a akazi oikidwa pamodzi ndi mivi m'zigwa za kumpoto kwa Black Sea, kusonyeza kuti nthanozo zinali ndi pochokera. Ku China kunali Mulan amene anapita kunkhondo m'malo mwa atate ake, ndipo ku Italy, mu 1516, Ariosto analemba za Bradamante wovala zachitsulo. Onsewa ndi makolo a nkhani yathu, koma mtundu wa nthano umene tikukamba unabadwira m'magazini otchipa a ku America. Dzina lake lachingerezi, lotchula lupanga ndi matsenga, analipereka Fritz Leiber mu 1961, nthanozo zitakula kale.

Chaka chofunika ndi 1934, pamene panatuluka akazi awiri. Mu January, Robert E. Howard, mlengi wa Conan, anatulutsa nkhani yotchedwa "The Shadow of the Vulture" m'magazini ya Magic Carpet. Mmenemo muli Red Sonya wa ku Rogatino, wa tsitsi lofiira, amene akumenya nawo nkhondo yoteteza mzinda wa Vienna pamene Aturuki anauzinga mu 1529. Ndi mkazi waukali, wogwira lupanga ndi kamfuti, koma m'nkhaniyo mulibe matsenga ngakhale pang'ono, ndipo mwininkhani ndi msilikali wamwamuna. Howard analemba za iye kamodzi kokha, ndipo anamwalira mu 1936.

Mu October chaka chomwecho magazini ya Weird Tales inasindikiza "Black God's Kiss", yolembedwa ndi C. L. Moore. Owerenga ambiri sanadziwe kuti zilembo ziwirizo zinkabisa Catherine Lucille Moore, mtsikana wa zaka 23 wogwira ntchito m'banki ku Indianapolis, yemwe ankaopa kuti mabwana ake angadziwe kuti amalemba nthano. Ngwazi yake, Jirel wa ku Joiry, ndi mwini linga ndiponso mtsogoleri wa asilikali ku France wakale. Nkhani ikuyamba linga lake litagwa. Wolanda, Guillaume, akulamula kuti amuvule chisoti mkaidi amene wamenya koopsa kuposa onse, akudabwa kuona kuti ndi mkazi, ndipo akumupsompsona mokakamiza pamaso pa asilikali. Usiku Jirel akuthawa m'ndende n'kutsikira m'dzenje la pansi pa linga lake, kupita kudziko lamdima kukafuna chida chobwezera. Kumeneko saona kanthu mpaka atavula mtanda wa m'khosi. Chida chimene akupeza ndi mpsopsono wa fano lakuda lamwala, umene akuunyamula m'thupi mwake n'kukaupereka kwa Guillaume. Munthuyo akufa, ndipo Jirel akugwada pa mtembo wake atazindikira kuti mkati mwa chidani chija munalinso chikondi.

Mathero amenewa ena amawada, ndipo kuda kwawo n'komveka. Koma taonani zimene Moore anachita. Sanapemphe chilolezo choti Jirel agwire lupanga. Tikumupeza ali kale mtsogoleri, asilikali akumumvera, ndipo palibe mulungu amene anamupatsa mphamvu kapena mwamuna amene anamuphunzitsa. Chachiwiri, matsenga m'nkhaniyi ali ndi mtengo wake. Wokafuna mankhwala obwezera amabwerako atasenza chinthu chimene chimamudya iye mwini, ndipo aliyense wokulira kuno amadziwa kuti nkhani zathu za kukhwima zimayenda chomwecho, chizimba sichibwera chaulere. Lupanga la Jirel nthawi zambiri silithandiza m'maiko amene amalowamo. Chimamupulumutsa ndi kuuma mtima kwake. Moore analemba nkhani 6 za Jirel pakati pa 1934 ndi 1939, imodzi mothandizana ndi Henry Kuttner amene anadzakhala mwamuna wake. Kwa ine ulemu woyambitsa mkazi wa lupanga ndi matsenga ndi wa Moore, ndipo zimandipweteka kuti dzina lomveka kwambiri ndi la Howard chifukwa cha mkazi amene sanamulenge m'maonekedwe amene dziko likumudziwira.

Amene anamulenga ndi Roy Thomas wa ku Marvel. Kampaniyo inayamba makomiki a Conan mu 1970, ndipo mu 1973, m'kope la nambala 23, Thomas ndi wojambula Barry Windsor-Smith anatenga nkhani ija ya ku Vienna, anaisamutsira m'nyengo ya Conan, nasintha dzina kukhala Red Sonja. Poyamba ankavala malaya achitsulo a manja aatali. Posakhalitsa wojambula wa ku Spain, Esteban Maroto, anamuveka tizitsulo tobisa pachifuwa ndi m'chiuno pokha, ndipo Frank Thorne, amene luso lake sinditsutsa, anachititsa kuti chovalacho chitchuke. Chovalacho chimanenedwa kwambiri, koma cholakwa chachikulu chinachitika mu 1975 m'nkhani ya "The Day of the Sword", yofotokoza chiyambi chake. Achifwamba akupha makolo ndi abale ake, mtsogoleri wawo akumugwirira, kenaka mulungu wamkazi akumupatsa luso la lupanga pa pangano lakuti sadzagona ndi mwamuna pokhapokha mwamunayo atamugonjetsa pa ndewu. Apa mphamvu ya mkazi yasanduka mphatso yobwera pambuyo pa nkhanza, ndipo thupi lake lasanduka mphoto ya wopambana. Thomas ayamikiridwe poika mkazi wankhondo pachikuto cha komiki yogulidwa ndi anthu ambiri, koma chiyambi chimenechi chinatengeredwa ndi olemba ambiri, ndipo filimu ya 1985 ya Brigitte Nielsen inachifalitsa kutali.

Panapita zaka 38 kuti Sonja akonzedwe. Mu 2013 Gail Simone, akulembera kampani ya Dynamite pamodzi ndi wojambula Walter Geovani, anafotokozanso ubwana wake. Anthu a m'mudzi akuphedwabe, koma kugwiriridwa, mulungu uja ndi pangano zonse zachotsedwa. Kamtsikana kakuika maliro a anthu ake, kakulowa m'nkhalango n'kusaka akuphawo mmodzimmodzi ndi luso la ulenje limene kanaphunzira kwa atate ake. Simone anachita bwino, ngakhale kuti anangobwezera mkazi wankhondo pamene Moore anamusiya.

Munthu wina woyenera ulemu woposa umene amalandira ndi Charles R. Saunders, Mmerika wakuda amene anakhala zaka zambiri ku Canada monga mtolankhani ndipo anamwalira mu 2020. Atatopa ndi nthano zoonetsa Africa ngati tchire la Tarzan, analenga Imaro, ndipo mu 1979 anatulutsa nkhani yoyamba ya Dossouye, msilikali wamkazi wokwera njati yankhondo yotchedwa Gbo. Anamutenga kwa asilikali aakazi a ufumu wa Dahomey, amene anamenyanadi ndi Afalansa mu 1890 ndi 1892. Dossouye safuna chifukwa chapadera chogwirira chida popeza kwawo usilikali wa akazi ndi ntchito yodziwika. Njira imeneyi ndi imene Roye Okupe wa ku Nigeria anatsata mu 2017 ndi buku lojambula la Malika, mfumukazi yankhondo yokumbutsa Amina wa ku Zazzau.

Kuno kwathu nthano zojambula si zachilendo. Magazini ya Orbit, imene unduna wa zamaphunziro ku Zambia unayamba mu 1971, inafikitsa makomiki m'masukulu, ndipo ku Malawi Brian Hara anaseketsa anthu zaka zambiri ndi Pewani. Mu 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, atsikana anayi opulumutsa Lusaka wam'tsogolo. Koma mtsikana wa ku Kapata kapena ku Mchini kuno ku Chipata akafuna mkazi wogwira nthungo m'mbiri ya kwawo, amamuloza ku Dahomey, pamene ife tili naye wathu.

Dzina lake ndi Nyamazana. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku la kadamsana, si onse anawoloka. Gulu lina linatsala kumwera, ndipo wolitsogolera anali mkazi ameneyu, yemwe mbiri imati anali wachibale wa Zwangendaba. Impi zake zinagonjetsa Arozvi ku Manyanga ndi kupha Mambo Chirisamhuru, ndipo ufumu umene unalamula dera limenelo zaka zoposa 100 sunadzukenso. Pambuyo pake anakwatiwa ndi Mzilikazi, anthu ake nalowa mu mtundu wa Andebele. Tangoganizani tsamba loyamba la buku lotere: dzuwa likuda masana, ng'ombe zikulira m'madzi, khamu likuwoloka kupita kumpoto kumene mwana Ntutu adzakula n'kukhala Mpezeni, ndipo kutali kumwera mkazi mmodzi akutembenuza asilikali ake kuloza kumalinga amiyala a Arozvi. Wojambula wake asamuyeretse. Nyamazana anali wolanda maiko, ndipo kwa Arozvi dzina lake ndi la tsoka. Buku loona liyenera kunyamula zonsezi.

Mbali ya mphamvu zosaoneka nayo ilipo, ngakhale pano mpofunika kuyenda mosamala. Achewa anali ndi Makewana ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, mayi wa mvula amene sankameta tsitsi ndiponso sankakwatiwa, wotumikiridwa ndi Matsano, wosunga ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri. Mafumu ankatumiza nsembe kwa iye. Zimenezi ndi chipembedzo, ndipo wozitcha matsenga akunyoza makolo. Komabe wolemba waluso angaone nkhani imene ili apa: m'nyengo ya nkhondo za Angoni, Msinja anapasulidwa, nthungo inakumana ndi kachisi. Mtsikana wa m'nthano wokulira pakati pa ziwirizi, mayi ake Mchewa wogwidwa kunkhondo, bambo ake Mngoni, angakhale ndi chiyambi cholemera kuposa cha Sonja, ndipo ana oterowo analipo ambirimbiri. Umboni wake tikuumva tsiku ndi tsiku. Angoni a Mpezeni anagonjetsa ndi chishango, koma lero ku Feni ndi ku Mtenguleni anthu amalankhula chilankhulo chodzala ndi Chinsenga, chifukwa ana amayamwa mawu a amayi awo. Chingoni chakale chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'zitamando za mafumu.

Ngakhale kujambula kwa akazi n'kwakale kuno. Pa miyala ya ku Thandwe, kufupi ndi Chipata, pali zithunzi zoyera zimene akatswiri amazigwirizanitsa ndi chinamwali, zofanana ndi za ku Chongoni ku Dedza zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006. Anamkungwi ankaphunzitsa ndi zithunzi makina osindikizira asanafike ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata. Za m'tsimba sizijambulidwa m'buku logulitsa pamsika, ndipo wojambula wanzeru adzayamba wakhala pansi ndi amayi akuluakulu kuti amve malire. Koma m'dziko la mbumba, kumene ufumu wa Kalonga Gawa Undi umadzera mwa Nyangu, mkazi wamphamvu safunika kuvulazidwa kaye kuti tikhulupirire mphamvu zake.

Pa Nc'wala, imene inayambiranso mu 1980, timakumbukira Nsingo amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angerezi mu January 1898 n'kuphedwa ndi mfuti mwezi wotsatira, ndipo n'koyenera. Pabwalo la Mtenguleni amuna ndiwo amaponda ndi zishango, akazi akuomba m'manja ndi kuimba mozungulira. Ndikufuna kudzaona, pakati pa ogulitsa zitenje ndi zikopa kumapeto kwa February, tebulo la mabuku a Nyamazana ojambulidwa ndi mwana wa sukulu ya Chipata Day kapena ya St Monica's. Asamutengere lupanga lalitali la ku Ulaya. Agwire nthungo yaifupi yobayira ndi chishango chachikopa cha ng'ombe, avale monga ankavalira akazi a ku nyumba yachifumu, ndipo mawu a m'zithunzimo alembedwe m'Chinyanja chimene ana a kuno amalankhula. Buku la masamba 32 la inki yakuda yokha lingasindikizidwe m'tauni momwemuno pa mtengo woti mwana wasukulu n'kuligula, ndipo msika wake ungawoloke pa Mwami kukafika ku Mchinji ndi ku Lilongwe popanda kumasulira.