Tisamati "Kakoleji"

Abale anga olankhula Chichewa, kulikonse kumene mphepo inakuponyani, nkhani yanga ikuchokera kutali, ku America, koma mlandu wake uli m'kamwa mwathu momwemu. Kumeneko kuli ana athu amene akamaliza sekondale, kapena akangofika kuchokera kwathu, sathamangira kuyunivesite. Amayamba kaye kusukulu zimene eni dziko amazitcha community college, n'kuphunzirako zaka ziwiri, kenaka n'kupita kukamalizira digiri kuyunivesite. Ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi anachulukana ndithu, dzina la Ivy Tech si lachilendo m'makomo. Amene ali cha ku Washington amadziwa Northern Virginia Community College ndi Montgomery College. Njirayi ilibe chilema. Chimene chikundisowetsa tulo ine ndi mmene timaikambira.

Tatcherani khutu kholo likamayankha lamya yochokera kumudzi, azakhali akufunsa za mwana. Mudzamva kuti, "Aaa, akungopanga kaye kakoleji kenakake kapafupi pompano, koma apanga transfer." Chiganizo ndi chimodzi, koma chavulaza awiri: chinenero ndi mwana amene akumvetsera ali kukhitchini.

Tiyambe ndi "ka" ameneyu. Chichewa chathu chinatipatsa "ka" ndi "ti" kuti tizichepetsera zinthu: kambuzi, kamtsinje, timiyala. Pena amanyamula chikondi, monga gogo akamati "kamdzukulu kanga". Pena amanyamula mnyozo, ndipo aliyense woyamwa chinenerochi amamva kusiyana kwake popanda womuphunzitsa. Mukati "kantchito kake" kapena "kamwamuna kake", simukuyeza msinkhu, mukunyogodola. Tsono "kakoleji" ndi mnyozo wosabisika, ndiponso ndi bodza. Ivy Tech ili ndi nthambi m'chigawo chonse cha Indiana. Ku California kokha makoleji a mtunduwu alipo 116, ndipo ophunzira ake amaposa 1.5 miliyoni. Kodi chinthu chotere n'kuchipatsa "ka"? Nanga "kenakake" akudzatani? Mawu amenewa timawagwiritsa ntchito tikaiwala dzina, kapena tikafuna kulibisa. Kholo limene limalipira fizi silingaiwale dzina la sukulu. Litchuleni. Nenani kuti, "Akuphunzira kukoleji ya Ivy Tech," m'kamwa muli mbee.

Sukuluzi si zadzulo. Yoyamba ya boma inatsegulidwa mu 1901 ku Joliet m'chigawo cha Illinois, ndi ophunzira 6 okha. Anaiganiza ndi J. Stanley Brown, mkulu wa sekondale ya kumeneko, pamodzi ndi William Rainey Harper, mtsogoleri wa University of Chicago. Maganizo awo anali akuti zaka ziwiri zoyambirira za kuyunivesite mwana angathe kuziphunzira pafupi ndi kwawo, pamtengo wotsika, asanapite kukazama. Mu 1947 bungwe limene Pulezidenti Truman anakhazikitsa linalimbikitsa kuti sukulu zotere zifalikire m'dziko lonse, ndipo dzina loti community college linamera mizu kuyambira pamenepo. Mu 1960 California inakonza ndondomeko ya maphunziro apamwamba imene inaika makolejiwa ngati khomo lolowera kumayunivesite ake. Choncho mwana wodzera kumeneko sanalowere pawindo. Wadzera pakhomo limene eni nyumba anakhoma okha.

Chachiwiri ndi kachidutswa kaja ka "ngo". Ndi kakang'ono, ndipo apa "ka" akuyenera, koma kamaluma ngati linthumbu. "Akuphunzira" ndi "akungophunzira" si amodzi. Woyambayo akunena zimene zikuchitika. Wachiwiriyo akuti zimene zikuchitikazo n'zosanunkha kanthu, n'zongotayitsa nthawi podikira zenizeni. Tiyeni tione moyo umene tikuuphimba ndi "ngo" ameneyu. Makoleji ambiri otere alibe malo ogona, ndiye wophunzira amalawirira kuchokera kunyumba, pabasi kapena pagalimoto yotopa, chisanu chili tswii. Ambiri amagwira ntchito, ena usiku wonse m'nyumba zosamalira okalamba, n'kulowa m'kalasi maso ali psuu. Pambali pake pakhala mayi wa ana atatu, kutsogolo msilikali wopuma, kumbuyo mnyamata wa zaka 18. Masamu ake ndi omwewo a chaka choyamba kuyunivesite, sayansi yake ndi yomweyo, ndipo akapanda kukhoza bwino yunivesite imene akuifunayo simuyang'ana n'komwe. Belu likalira aliyense amathamangira kuntchito kapena kukatenga mwana, kotero kupeza bwenzi ndi ntchito ina payokha. Madzulo akatsegula lamya amaona anzake a kusekondale akujambulitsa m'zipinda zogona za kuyunivesite, atavala malaya a timu ya sukulu yawo. Munthu wosenza zonsezi sangophunzira. Akulimbana nazo, akupirira, akudzikoka. Aneni oterewa tili nawo ambirimbiri, bwanji tikusankha wopeputsa?

"Kaye" yekha ndiye ndilibe naye mlandu, pakuti akunena zoona: pali ulendo wina kutsogolo.

Eni dziko nawo ali ndi chipongwe chawo. Ena amazitcha sukuluzi giredi 13, kutanthauza kuti ndi sekondale yongowonjezera chaka. Zimenezo n'zawo, tisawathandize kusenza. Komatu ife tinabwera ndi katundu wathu m'chikwama. Khutu la Mmalawi likamva "community" limakumbukira ma CDSS, sukulu zoyendera zija zimene zinachokera ku malo ophunzirira a MCDE, kumene ankapita ana osasankhidwira kusekondale zogonera komweko. Tonse tikudziwa mmene ankawayang'anira ana amenewo, ngakhale kuti ena a iwo lero ndi madokotala ndi aphunzitsi. Ena akamva mawuwa amaganiza za makoleji a ntchito zamanja a m'madera amene boma linayambitsa mu 2015, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, kumene achinyamata amaphunzira ukalipentala, kuwotcherera ndi zomangamanga. Amenewo ndi ena, ntchito yawo ndi ina, ndipo nawonso sayenera "ka". Koma poti dzina likufanana, agogo kumudzi amasokonezeka, ndipo ife m'malo mowafotokozera m'Chichewa chomveka timangoti "kakoleji" n'kusintha nkhani. Chovuta n'chiyani kunena kuti, "Agogo, ndi koleji ya zaka ziwiri. Akamaliza kumeneko akalowa chaka chachitatu kuyunivesite"? Nkhalamba iliyonse imva, ndipo idalitsa mdzukulu wake.

Tsopano ndifike pa chilombo chimene chikumeza aneni athu mmodzimmodzi, ndicho "kupanga". Kale kupanga kunali kwa mmisiri: kupanga mpando, kupanga khasu. Lero mwana akupanga apply, akupanga register, akupanga nursing, wapanga fail, apanga repeat, mwina adzapanga graduate. Mneni mmodzi wasanduka ngolo yonyamulira Chingerezi, ndipo aneni eniake akufa ndi njala ali m'nkhokwe. Malo kusukulu timafunsira. Dzina timalembetsa. Unamwino timaphunzira. Mayeso timakhoza, kapena kulephera, kapena kulakwa, ndipo tikalephera timabwereza. Maphunziro timamaliza. Sindikudana ndi mawu obwereka, abale. Koleji, digiri, yunivesite, fizi, onsewa tinawalandira, tinawaveka zovala zathu, ndipo akutitumikira bwino. Chimene ndikukana ndi kubwereka chimene uli nacho kale m'nyumba, chifukwa cha ulesi wosafuna kutsegula chitseko.

Pa "kupanga transfer" pamenepa ndiimepo pang'ono, chifukwa ena pofuna kukonza amagwera m'dzenje lina. Amati "anamusamutsa" kapena "wasamutsidwa", ngati kalaliki wa boma amene kalata yamupeza kuti achoke ku Dedza apite ku Nsanje. Ayi. Wosamutsidwa sasankha. Wophunzira uyu wasankha yekha, wafunsira malo yekha, walemba makalata yekha. Iyeyu akusamuka, ndipo akusamukira kuyunivesite. Chimene chimasamutsidwa ndi makirediti ake, ndiwo muyeso wa maphunziro amene wakhoza, amene pa zaka ziwiri amakwana pafupifupi 60. Munthu asamuka, katundu asamutsidwa. Galamala yathu inalekanitsa ziwirizi kalekale, ndipo kusiyanako kukupereka ulemu kwa woyenera ulemu.

Ndipo katunduyo amatayika m'njira, izi tisabise. Ofesi ya boma la America yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama, ya GAO, inapeza mu 2017 kuti ophunzira osamuka amataya pafupifupi makirediti 43 pa 100 alionse, chifukwa sukulu yatsopanoyo siwavomereza. Ndi ndalama zimenezo, ndi miyezi ya moyo wa munthu. Mankhwala ake ndi kufunsa msanga kwa alangizi kuti ndi maphunziro ati amene yunivesite yakutiyakuti imalandira. Zigawo zambiri zili ndi mapangano olembedwa pakati pa makoleji ndi mayunivesite. Ku California nthambi 6 za University of California zimalonjeza malo kwa wophunzira wokwaniritsa zofunika, ngakhale Berkeley ndi UCLA sizili m'gulumo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma mwana angafunse bwanji za sukulu imene kwawo saitchula dzina? Amene waphunzitsidwa kuti ali pamalo pongodutsa safuna kuzika phazi, sapita kwa mlangizi, salowa m'magulu a ophunzira, amangowerenga masiku.

Ziwerengero zake n'zowawa. Ofufuza a ku Columbia University amati mwa ophunzira 100 oyamba kumakolejiwa, pafupifupi 80 amafuna digiri ya zaka zinayi, koma osamukadi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo oimaliza m'zaka 6 ndi pafupifupi 16 okha. Zifukwa n'zambiri: ndalama, ntchito, ana, makirediti otayika aja. Katswiri wina, Burton Clark, analemba mu 1960 kuti sukuluzi zimathanso kuziziritsa pang'onopang'ono chikhumbo cha wophunzira mpaka iye mwini atavomereza zochepa. Ife tili ndi mawu ake okwana bwino: kugwetsa mphwayi. Ndipo ndikuuzeni, lilime la kholo limagwetsa mphwayi msanga kuposa ofesi iliyonse.

Apa mpamene timalakwitsanso mneni wina. Timati, "Mwanayu akuchita manyazi ndi sukulu yake." Mwina n'zoona. Koma Chichewa chili ndi kachidutswa kofunsa kuti wachititsa ndani. Kuchita manyazi ndi kwina, kuchititsa manyazi ndi kwina. Mwana sanabadwe ndi manyazi a Ivy Tech. Anawatola paphwando la Amalawi tsiku la 6 July, pamene mayi wina anafunsa kuti "Nanga uyu ali kuti?", mayi ake n'kuyankha mothamanga, maso ali kumbali. Tikati "akuchita manyazi" mlandu tausiya pa mwana. Tikati "tamuchititsa manyazi" tauika pamene uyenera kukhala. Ndaonanso ena, pofuna kutchula vutoli, akuthamangira mawu oti "kusalana", amene tinawazolowera pa nkhani ya Edzi. Mawuwo ndi olemera, tisawachepetse mphamvu powagwiritsa ntchito paliponse. Wosalidwa anthu amamuthawa, sadya naye. Wophunzira wathuyu sathawidwa. Amadereredwa, amapeputsidwa, amayang'aniridwa pansi, pena amatonzedwa. Aliyense wa mawu amenewa ali ndi kulemera kwakekwake, ndipo mlankhuli wosamala amayeza asanatole.

Inunso ana athu amene munawoloka, ndili nanu mawu. Mukafunsidwa kumene munaphunzira mumatchula yunivesite yokha, zaka ziwiri zija mwazikwirira. Chonsecho chinenero chanu chinakupatsani njira yonenera zonse mu mpweya umodzi: "Ndinayambira ku Montgomery College, n'kukamalizira kuyunivesite ya Maryland." Kuyambira, kumalizira. Tamvani mmene aneni awiriwa akugwirirana manja, wina osanyoza mnzake. Katswiri wa mafilimu Tom Hanks sabisa kuti anayambira ku Chabot College. Eileen Collins, mayi woyamba kutsogolera chombo cha m'mlengalenga cha America mu 1999, anayambira ku Corning Community College asanapite kuyunivesite ya Syracuse. Sindikuwatchula kuti sukuluzi zikome chifukwa cha anthu otchuka, ayi. Namwino wosadziwika amene anadzera komweko ndi umboni wokwanira. Ndikungoti ngati iwo akutchula, inu mukubisiranji? Mng'ono wanu amene ali m'chaka choyamba akumvetsera mmene mukuyankhira.

Pomaliza zaka ziwirizo pamakhala digiri yake, imene amaitcha associate degree, ndipo pamakhala mwambo, kawirikawiri m'mwezi wa May. Ena mwa ana athu sapitako n'komwe, ati adikira "graduation yeniyeni". Mawu oti "yeniyeni" amenewo ndi m'bale wake wa "ka" ndi "ngo", chifukwa akunena kuti inayo ndi yonamizira. Pitani, makolo, mukalulutire. Ndipo polemba uthenga woitana abale pa WhatsApp, lembani Chichewa chathunthu, osati zidule zodula mawu miyendo. Malamulo a kalembedwe amene tinalandira kuchokera ku Chichewa Board, bungwe lija linakhazikitsidwa mu 1972, amati "ku", "pa" ndi "mu" wosonyeza malo aziphatikana ndi dzina wamba koma azitalikirana ndi dzina la mwinimwini. Tsono mulembe "kukoleji" ndi "kumwambo" mophatikiza, koma "ku Ivy Tech" ndi "ku South Bend" motalikitsa. Musalembe kuti mwana "wapanga graduate". Lembani kuti wamaliza maphunziro a zaka ziwiri, walandira digiri yake yoyamba, ndipo mu August akusamukira kuyunivesite kukayamba chaka chachitatu.