Madzi a ku Nsanje amachokera kutali

Nsanje si boma la mvula yambiri ayi. Kumatentha koopsa, ndipo zaka zina chimanga chimafota chisanabereke n'komwe. Ambiri mwa madzi amene amakokolola midzi kumeneko amakhala atagwa kumtunda, cha ku Mulanje ndi ku Thyolo.

Mtsinje wa Ruo umatsika nawo mpaka pa Chiromo, pomwe umathira mu Shire. Ruo akakwiya amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh, kenako n'kusefukira m'midzi. Mu 1997 madzi anadula njanji pakati pa Bangula ndi Makhanga. Mu Januwale 2015 anthu a ku Makhanga anachita kuwapulumutsa pa maboti ndi helikopita. Kenako namondwe motsatizana: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023.

Ife a m'tauni sitichedwa kulemba pa Facebook kuti, "Bwanji osangosamuka?" Boma nalo lakhala likuwauza zomwezo anthu a kwa Nyachikadza. Komatu madzi omwewo ndi amene amasiya chonde m'madimba, momwe mbatata ndi chimanga zimachita bwino ngakhale mvula itavuta. Kumtundako malo ali ndi eni ake, nthaka yake youma gwa, ndipo mfumu ikasamuka ndi anthu ake imakakhala mlendo kwa mfumu inzake.