Kupatsa N'kuika: Mbiri ya Jakisoni wa Mphaka Wodwala Shuga

Nkhani yathu ya sabata ino ndi ya mphaka. Inde, mphaka, chona yemweyu.

Tayerekezani kuti m'bale wanu wa ku Johannesburg kapena ku London wakutumizirani kakanema pa foni. Ndi 6 koloko m'mawa, iye wakhala pansi m'khitchini, mphaka ali pamiyendo. Akumusisita khutu kuti lifunde, kenako akulibaya m'mphepete ndi kasingano, kadontho ka magazi n'kutuluka. Wakadonthetsera pa kapepala ka makina oyezera shuga, wawerenga nambala, wailemba m'kope. Akatero akumupatsa chakudya, kumutsina chikopa cha pamsana, n'kumubaya jakisoni wa insulini. Ikakwana 6 koloko madzulo, zomwezonso. Sabata yatha, dokotala wa ziweto anamuuza kuti mphakayo ali ndi matenda a shuga.

Ndikudziwa zomwe mukuganiza. "Koma anthu ena ndalama zawachulukira eti? Ife mayi athu akuvutika kupeza insulini, wina n'kumabaya mphaka!" Funso lanulo ndi lomveka, ndipo ndilibwerera kumapeto. Koma musanaseke kapena kupsa mtima, tiyeni tione kumene jakisoni ameneyu anachokera. Mupeza kuti pa nkhani imeneyi, nyama ndi zomwe zinayamba kutipatsa ife.

Kwa zaka mazanamazana, makina oyezera shuga anali nyerere ndi lilime basi. Asing'anga akale a ku India anaona kuti nyerere zimaunjikana pa mkodzo wa odwala ena, ndipo nthendayo anaitcha madhumeha, kutanthauza mkodzo wa uchi. Mu 1674 dokotala wa ku England, Thomas Willis, analemba kuti mkodzo wa odwalawa ndi wotsekemera, ndiye mutha kuganiza nokha kuti anadziwa bwanji. Mu 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anaumitsa mkodzowo pamoto, n'kutsala zinthu zonga shuga. Nthendayo ankaidziwa ndithu, koma komwe ikuchokera m'thupi kunali mdima wokhawokha.

Amene anaulula chinsinsi ndi galu. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa m'mimba mwa galu chiwalo chotchedwa pancreas, chomwe chimakhala kuseri kwa chifu. Iwo ankafuna kuona za kagayidwe ka chakudya. Koma galuyo anayamba kukodza pafupipafupi, ndipo Minkowski atayeza mkodzowo anapeza uli ndi shuga wambiri. Apa zinadziwika kuti m'chiwalo chimenechi muli kanthu kamene kamalamulira shuga m'magazi. Vuto linali kukatulutsa kanthuko kali bwinobwino.

Podikira zimenezo, ana ankafa. Mwana akapezeka ndi shuga, ankatha miyezi, akachita mwayi chaka kapena ziwiri. Chithandizo chomwe chinatchuka m'ma 1910 chinali cha dokotala wa ku America, Frederick Allen, chomumana wodwala chakudya mpaka kutsala mafupa okhaokha. Elizabeth Hughes, mwana wa nduna yoona za maiko akunja ya dziko la America, anakhala pa njala imeneyi zaka zitatu. Pofika mu August 1922, ali ndi zaka pafupifupi 15, ankalemera makilogalamu 20 okha. Udindo wa bambo ake sunathe kumugulira mankhwala omwe kunalibe.

Mankhwalawo anabadwira ku Toronto, m'dziko la Canada. Mu May 1921, dokotala wachinyamata Frederick Banting ndi wophunzira wina, Charles Best, anayamba ntchito mu labotale ya Pulofesa John Macleod. Ankachotsa pancreas mwa agalu kuti adwale shuga, kenako n'kuwabaya madzi ofinyidwa kuchokera ku pancreas ina. Agalu ambiri anafa, mpaka anyamatawo anafika pomagula ena m'misewu ya mumzindawo. Koma shuga wa agalu ena ankatsika akabayidwa. Galu nambala 33, yemwe anamutcha Marjorie, anakhala masiku 70 wopanda pancreas, akudalira jakisoni yekha.

Agalu sakanakwanira dziko lonse, choncho anatembenukira kophera ng'ombe. James Collip, katswiri wa kemisitile, ndiye anapeza njira yoyeretsera madziwo kuti asapweteke munthu. Pa 11 January 1922, mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anabayidwa koyamba koma sizinayende bwino. Pa 23 January anamubayanso ndi mankhwala oyeretsedwa ndi Collip, shuga n'kutsika, mphamvu n'kubwerera. Elizabeth Hughes uja anafika ku Toronto chaka chomwecho. Anakula, anakwatiwa, anabereka ana atatu, n'kudzamwalira mu 1981 ali ndi zaka 73.

Kuyambira pamenepo, kwa zaka 60, pafupifupi munthu aliyense wobaya insulini padziko lapansi ankakhalira moyo ng'ombe ndi nkhumba. Makampani monga Eli Lilly ku America ankasonkhanitsa ma pancreas kuchokera kophera nyama, makilogalamu masauzande angapo kuti apeze kilogalamu imodzi yokha ya insulini. Ngati munali ndi agogo omwe ankabaya jakisoni wa shuga m'ma 1970, dziwani kuti chomwe chinkawasunga chinachokera m'khola.

Nanga zinkatheka bwanji kuti cha ng'ombe chigwire ntchito mwa munthu? Yankho linabwera mu 1955, pamene Frederick Sanger wa ku Cambridge anamaliza kufotokoza kapangidwe ka insulini. Iganizireni ngati mkanda wa timikanda 51. Insulini ya nkhumba imasiyana ndi yathu pa kamkanda kamodzi kokha, ya ng'ombe pa titatu. Ya galu ndi chimodzimodzi ndi ya nkhumba. Ya mphaka imasiyana ndi ya ng'ombe pa kamodzi, ndipo ndi yathu pa tinayi. Ndiye mukamuona chona akudzinyambita pakhonde, dziwani kuti m'magazi mwake muli chinthu chomwe chatsala pang'ono kufanana ndi chanu.

Mu 1982 zinthu zinatembenuka. Insulini ya mtundu wa munthu, yopangidwa ndi tizilombo ta bakiteriya m'mafakitale, inavomerezedwa ndi dzina loti Humulin. Pang'onopang'ono ya ng'ombe inayamba kusowa pamsika, ngakhale ndi yomwe inkafanana kwambiri ndi ya mphaka. Madokotala a ziweto anayenera kubwereka kwa anthu. Lero amphaka ambiri amabayidwa glargine, yomwe inapangidwira anthu ndipo inatuluka mu 2000, kapena ProZinc, yomwe inavomerezedwa ku America mu 2009, nayonso ya mtundu wa munthu. Zaka 60 tinkadya za nyama, tsopano nyama zikudya zathu. Akuluakulu aja sananame kuti kupatsa n'kuika.

Imeneyo ndi mbiri ya jakisoni. Kamakina kaja kali ndi mbiri yakeyake, ndipo ndi mbiri yolimbirana ufulu. Odwala oyambirira ankawiritsa mkodzo wawo pamodzi ndi madzi a buluu otchedwa Benedict, n'kumayang'ana ngati asintha mtundu. Koma mkodzo umanena za maola apitawo, sunena za tsopano, ndiponso sungakuchenjezeni shuga akatsika kwambiri. M'ma 1960 kampani ya Ames inatulutsa timapepala toyezera magazi totchedwa Dextrostix, ndipo cha m'ma 1970 inatulutsa makina owerengera timapepalato, opangidwa ndi Anton Clemens. Anali olemera kuposa kilogalamu imodzi, ndipo ankagulitsidwa kwa madokotala ndi zipatala basi. Maganizo a nthawiyo anali oti wodwala sangathe kudziyeza yekha, nanga nambalazo akazimva bwanji?

Injiniya wina wa ku New York, Richard Bernstein, yemwe anadwala shuga kuyambira ali mwana, anapeza makinawo kudzera mwa mkazi wake yemwe anali dokotala. Anayamba kudziyeza kangapo pa tsiku, n'kuona momwe chakudya ndi jakisoni zikusinthira shuga wake. Madokotala atakana kumumvera, anakalowa sukulu ya udokotala ali ndi zaka 45. Pofika m'ma 1980, kudziyeza panyumba kunali kutafala m'maiko olemera.

Kwa amphaka nkhani inayenda chimodzimodzi, mochedwerapo ndi zaka 20. Poyamba mphaka ankayezedwa kuchipatala kokha. Koma chona ali ndi kakhalidwe kovuta: akachita mantha, shuga wake amakwera yekha. Muikeni m'bokosi, mukwere naye galimoto, afike pamalo ponunkha agalu, nambala yomwe ituluke ndi ya mantha, si ya matenda okha. Dokotala akaikhulupirira n'kuwonjezera mlingo wa insulini, kunyumba mphaka atha kukomoka. Cha m'ma 2000, madokotala a ziweto a pa yunivesite ya Zurich, motsogozedwa ndi Claudia Reusch, anaonetsa kuti kadontho ka m'khutu ndi kokwanira, ndipo mwini mphaka atha kuphunzira kuyeza yekha panyumba.

Kenako kunabwera chinthu chosangalatsa. Shuga wa mphaka amafanana ndi wa mtundu wachiwiri wa anthu, uja wobwera ndi kunenepa komanso kukhala osayendayenda. Pancreas yake imakhala itatopa, koma nthawi zambiri isanafe. Mu 2009, Kirsten Roomp ndi Jacquie Rand wa pa yunivesite ya Queensland anafalitsa zotsatira za amphaka 55 omwe eni ake ankawayeza panyumba tsiku ndi tsiku, kuwabaya glargine, ndi kuwadyetsa chakudya cha nyama chopanda sitalichi wambiri. Amphaka 64 pa 100 aliwonse anafika posiya jakisoni. Pakati pa omwe anayamba dongosololi isanathe miyezi 6 chipezekereni ndi matendawa, anali 84 pa 100. Mwaona chifukwa chake m'bale wanu uja akudzuka 6 koloko? Miyezi yoyambirira ndi yomwe ili ndi mwayi waukulu, ndipo kope lake lija ndi lomwe limauza dokotala nthawi yochepetsa mlingo.

Ngati pali wina m'gulu muno amene zamugwera, mbiriyi yasiya maphunziro angapo. Insulini ndi mankhwala opulumutsa, komanso opha ikachuluka. Mphaka amayamba ndi mlingo wochepa kwambiri, kawirikawiri yuniti imodzi kapena ziwiri, kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12. Wosintha mlingo ndi dokotala wa ziweto, osati inu, paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Onetsetsani kuti sirinji ikugwirizana ndi botolo, chifukwa insulini ina ili ndi mayuniti 40 pa mililita, ina 100, ndipo kusokoneza ziwirizi kwaphetsa ziweto. Mphaka akakana kudya, musathamangire kubaya, yambani mwayeza n'kufunsa dokotala. Mukamuona akudzandira, akunjenjemera kapena wafooka, ndiye kuti mwina shuga watsikitsitsa: mupakeni uchi m'nkhama, n'kuthamanga naye kuchipatala. Botolo lizikhala mufiriji, koma lisaundane.

Mbiriyi sinathe. Mu December 2022 ku America anavomereza piritsi la amphaka lotchedwa Bexacat, la omwe sanayambe abayidwapo insulini. Ntchito yake? Kutulutsa shuga kudzera mu mkodzo. Chizindikiro chomwe chinkaitana nyerere za ku India chija, lero akuchipanga dala ngati mankhwala.

Tsopano tibwerere ku funso lanu lija. Mu January 1923, Banting, Best ndi Collip anagulitsa umwini wa insulini ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti pasapezeke woitsekera m'thumba mwake. Papita zaka zoposa 100, koma alipobe anthu, kuno kwathu ngakhalenso ku America komweko, omwe amachepetsa mlingo kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi. Ena amabaya mongoganizira chifukwa timapepala toyezera tawakwerera mtengo. Ena, posowa firiji, amasunga botolo lawo mumtsuko wozizira. Mkwiyo wanu uli ndi malo ake ndithu. Koma yuniti imodzi ya mphaka ija si yomwe yalanda mayi athu mankhwala. Funso lenileni lipite kwa oika mitengo, ogula mankhwala a dziko, ndi ife ovota: zatheka bwanji kuti chinthu chomwe chinagulitsidwa pa dola imodzi chikhalebe chosowa?

Pa 14 November chaka chilichonse dziko limakumbukira matenda a shuga, chifukwa ndi tsiku lomwe Banting anabadwa mu 1891. Tsikulo likafika, mukumbukirenso Marjorie ndi agalu anzake opanda maina, ndi ng'ombe ndi nkhumba zija. Ndipo musadikire November: mukaona wina pakhomo panu, wa miyendo iwiri kapena inayi, akumwa madzi osakhuta, akukodza pafupipafupi, akuonda chonsecho akudya bwino, pitani naye akayezedwe. Kadontho kamodzi ka magazi kakwanira.

Tikumane sabata yamawa.