Mapale a ku Nkope

Ife a m'midzi tiyesa phale cinthu cacabe, cokazingira cimanga basi. Koma inu abale, mukafika ku Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, mupenyetsetse pansi pamene muponda. Pamenepo Bwana K. R. Robinson anakumba, nalemba m'caka ca 1970 za miphika ya anthu amene anakhalako zaka zoposa 1,500 zapitazo, Amaravi asanamveke konse.

Anthuwo anali olima ndi osula citsulo. Maina ao anatayika, ngakhale nyimbo yao imodzi sinatsale. Catsala ndi dongo lao lokha, ndiwo mapale ocindikala, a milomo yolembedwa mizere ndi timadontho dongo likali lofewa. Tikhulupirira kuti oumbawo anali akazi, monga m'midzi mwathu. Ndipo ife amuna a sukulu ticita manyazi pang'ono, pakuti mbiri yotere inasungidwa ndi manja osagwira colembera.

Tsono akatswiri acha miphika yonse ya maumbidwe awa dzina la Nkope, ingakhale ipezeke kutali. Ya Mawudzu, imene aiyesa ya Amaravi, inadza pambuyo, patapita zaka mazana ambiri.