Mwavi, Khungwa Lomwe Linkaweruza Milandu ya Ufiti

Mu 1967 Legson Kayira, mwana wa ku Chitipa amene anatchuka poyenda wapansi mpaka ku Sudan pofunafuna maphunziro, anatulutsa buku lankhani lotchedwa The Looming Shadow. Nkhani yake ndi ya mudzi umodzi kumene udani wa anthu awiri ukukula pang'onopang'ono mpaka wina kulozedwa chala kuti ndi mfiti. Kwa owerenga a ku America, kumene bukulo linasindikizidwa, zimenezi zinali zachilendo. Kwa Mmalawi panalibe chofunika kulongosola. Aliyense amadziwa mmene manong'onong'o amayambira pamaliro, n'kufika pachitsime, ndipo pofika sabata yamawa munthu amene anakalambira pamudzipo saloledwanso kunyamula mwana wa mnzake.

Makolo anali nayo njira yothetsera manong'onong'o otere, ndipo inali njira yoopsa. Dzina lake mwavi.

Mwavi ndi mtengo waukulu womera m'mbali mwa mitsinje, umene akatswiri a zomera amautcha Erythrophleum suaveolens. M'khungwa lake muli poizoni amene amasokoneza kagundidwe ka mtima. Pakagwa imfa yosadziwika bwino, abale ankapita kwa woombeza ula, ndipo ula ukagwera munthu, nkhani inkafika pabwalo la mfumu. Woganiziridwayo akakana, ankaitana mapondera, katswiri wa ntchitoyi. Iye ankasenda khungwa, kulisinja, kulisakaniza ndi madzi n'kumwetsa woimbidwa mlandu anthu onse akuona. Akasanza, ndiye kuti alibe mlandu. Abale ake ankalulutira, ndipo amene anamunamizirayo ankalipira chipepeso. Akafa, ndiye kuti mwavi wagwira mfiti, ndipo mtembo wake sunkaikidwa mwaulemu ngati wa munthu. Pa milandu yaing'ono ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa mwiniwake.

Chimene chimadabwitsa masiku ano n'chakuti anthu ambiri ankapempha okha kumwa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwavi sungaphe wosalakwa, ndipo kukhala moyo wonse ndi dzina la mfiti ankakuona kowawa kuposa kuyesa imfa. Koma chilungamo chonsecho chinali m'manja mwa munthu mmodzi. Mapondera ndiye ankadziwa kuchuluka kwa khungwa ndi kulimba kwa madziwo. Ankadziwanso amene mfumu ikumufuna ndi amene mudzi watopa naye. Nkhalamba yofooka kapena munthu wodwala mtima analibe mwayi wofanana ndi mnyamata wamphamvu, ngakhale onse atakhala osalakwa.

Mbiri yakale ya Amaravi ili ndi milandu ya ufiti pakati penipeni. Nkhani ya Mbona, imene wansembe Matthew Schoffeleers anaifufuza kwa zaka zambiri n'kuilemba m'buku la River of Blood mu 1992, imanena za wovumbitsa mvula amene anachitiridwa nsanje, ananamiziridwa ufiti, n'kuthawira kumwera mpaka adani ake anamupha kuchigwa cha Shire. Kachisi wake ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, alipo mpaka lero. Ndiye kuti mmodzi mwa anthu opatulika kwambiri m'chipembedzo cha makolo athu ndi munthu wonamiziridwa. Makolowo ankadziwa bwino lomwe kuti mudzi ukhoza kulakwira munthu.

M'manja mwa mafumu amphamvu, mwavi unasanduka chida cha ulamuliro. Amishoni amene anakhala ku Livlezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 analemba za Chikusi, mfumu ya Angoni a Maseko, kuti ankalamula anthu ambirimbiri kumwa nthawi imodzi. Apa nkhani sinalinso ya imfa ya munthu mmodzi ayi, koma yofuna kudziwa amene ali wokhulupirika kwa mfumu.

Boma la atsamunda linaletsa zonsezi ndi lamulo la zaufiti la mu 1911. Lamuloli linati kumwetsa mwavi ndi mlandu, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kudzitcha mfiti kapena wogwira mfiti ndi mlandunso. Miyoyo yambiri inapulumuka, ndipo palibe munthu wanzeru angalire kuti mwambowo ubwerere. Komabe lamulo linachotsa chikho, silinachotse kukayikirana. Anthu a m'midzi anaona ngati Azungu akuikira kumbuyo mfiti. Ndipo wonamiziridwa anatsala wopanda bwalo lililonse lomuchotsera chitonzo pamaso pa anansi ake: khoti la bwanamkubwa likhoza kulanga womunenayo, koma silikanauza mudzi kuti uyambirenso kudya naye.

Pampata umenewo panalowa ogwira mfiti amtundu watsopano. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunabuka mchape, umene anthu ankati unachokera kwa munthu wina wa ku Mulanje dzina lake Kamwiri. Anyamata ovala zachizungu ankayenda mudzi ndi mudzi, kufoletsa anthu, kuwayang'ana pagalasi, kuwalamula kutaya nyanga ndi zithumwa, kenaka kuwamwetsa mankhwala ofiirira amene ankati adzapha aliyense wobwerera ku ufiti. Mchape unafika mpaka kwa Abemba ku Northern Rhodesia, kumene Audrey Richards anauona n'kulemba za iwo mu 1935. Mu 1947 kunamveka Bwanali ndi Mpulumutsi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 makamu a anthu ochokera ngakhale ku Tanganyika ankakhamukira ku Rumphi kwa Chikanga. Aliyense mwa iwowa ankalonjeza kuti ufiti utha. Patapita zaka zochepa maliro ankagwabe, ndipo zala zinkayambanso kuloza.

Kodi zinkaloza yani? Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, anasonkhanitsa milandu yambiri n'kuilemba m'buku lake la mu 1965. Anapeza kuti kawirikawiri woneneza ndi wonenezedwa ankakhala a mbumba imodzi, olimbirana ufumu, ng'ombe kapena chuma chamasiye. Mlendo sankamuganizira kwenikweni. Ankaganizira malume, mphwake, mbale wa bere lina. Kutchula ufiti inali njira yodulira ubale umene mwambo sunkalola kuudula mwanjira ina, ndipo midzi yambiri inagawikana motero.

Kukayikirana kutalowa m'tauni kunavala nkhope ina. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu oposa 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Blantyre, pa zimene zimadziwika kuti kuphana kwa ku Chilobwe. Mphekesera inafala yoti boma likupopa magazi a anthu kuti libwezere ngongole ku South Africa. Khoti linapeza Walla Laini Kawisa wolakwa, koma nduna Gomile Kumtumanji nayenso anamangidwa m'nyengo yomweyo ndipo anafera m'ndende. Mphekesera ya anamapopa inabweranso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsa antchito ake m'deralo.

Kumidzi, amene akulipira kwambiri ndi okalamba. Mu Januwale 2016 ku Neno, agogo anayi a banja limodzi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphezi. Panalibe ula, panalibe bwalo, panalibe ngakhale mwayi wosanza umene wonamiziridwa wakale anali nawo. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, George Thindwa ndi anzake a bungwe la Association for Secular Humanism anapeza nkhalamba zambiri zili m'ndende pa milandu ya ufiti, pomwe lamulo la 1911 limati wolakwa ndi woneneza uja. Anamenyera nkhondo kuti atulutsidwe, ndipo ambiri anatuluka, ngakhale ena mwa iwo analibenso mudzi wowalandira.